Khadi la a Curtis Linakayezedwa ku Fairfax

Ndinanyamuka pa Landover Loweruka m'mawa, seveni koloko itangokwana, nditavala suti yanga yakuda imene imatuluka pa ukwati ndi pa maliro basi. M'thumba la m'kati, pamtima penipeni, munali khadi limodzi. Limodzi lokha, koma ndi limene linandidzutsa.

Mayi a kunyumba, a Nabanda, anandiperekeza mpaka pakhomo atanyamula kachikwama ka mbatata yophika ndi fulasiki ya tiyi.

"Abambo, ndi msinkhu wanuwu mukawoloke mzinda wonse chifukwa cha kapepala? Bwanji osawaimbira apongozi anu adzakutengeni?"

"Munthu amene wanditcha wabodza sindimupempha kanthu," ndinatero. "Miyendo ndili nayo, sitima ilipo."

"Sanati inu ndinu abodza. Anati khadilo ndi labodza."

"N'chimodzimodzi!"

"Chabwino, pitani. Koma mukatsitseko mawu, kuno si ku Nathenje."

Inu a kumudzi amene muwerenge izi, ndiyambe ndakuuzani kuti ndine yani komanso kuti khadi ndi chiyani, chifukwa ena muganiza kuti ndi la juga. Ine ndine Layisoni Chikadza. Sukulu ndinalekezera sitandade fili, koma dziko lino la Amereka ndinalowa nditavala tayi, monga dalaivala wa bwana wina. Bwanayo atabwerera kumudzi ine ndinatsala, ndipo ndagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu pa Landover pompano mpaka tsitsi lonse kuyera mbuu. Bokosi limene ine ndasanja silinagwepo.

Kuno kuli masewera otchedwa besibo. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina amakamenya ndi chibonga n'kuliyatsa liwiro. Osewera ake amawajambula pa timakhadi tokula ngati chikhatho cha mwana, kutsogolo nkhope, kumbuyo manambala a mmene munthuyo ankasewerera. Kale timakhadito ankatiika m'mapaketi a chingamu. Ana ankatafuna chingamu, makhadi n'kumaseweretsa m'fumbi, amayi awo n'kusesa n'kukataya. Amene anapulumuka ndiwo akufunidwa lero, ndipo akuluakulu a ndevu zawo amawasaka ngati mankhwala.

Anandiphunzitsa zonsezi ndi malemu a Curtis, munthu wakuda wobadwira mu Washington, amene tinkanyamula nawo mabokosi. Loweruka lililonse tinkayenda awiri m'makomo mmene anthu amayala katundu wakale pabwalo n'kumagulitsa, ife kumafukula m'mabokosi a nsapato. Pang'ono ndi pang'ono ndinadzaza kabati. Atadwala matenda amene anawatengawo, a Curtis anandiitana kunyumba kwawo n'kundipatsa khadi lawo lalikulu pa onse, la wosewera wina, mmodzi mwa anthu akuda oyamba kuloledwa kusewera pamodzi ndi azungu. Dzina lake sindilemba pano, akuba nawonso amadziwa kuwerenga. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Layisoni, ili sindinagule kwa munthu. Ndinalitulutsa ndekha m'paketi ya chingamu ndili ndi zaka naini. Ana anga salifuna. Ulisamale."

Ndinalisamaladi. Titangoika maliro ndinapita nalo kushopu n'kukalimatitsa lamineti, pulasitiki ya moto ija, monga timachitira ndi khadi la ubatizo kapena satifiketi ya sukulu. Linatuluka likuwala ngati galasi.

Tsono vuto linabwera masabata awiri ulendowu usanachitike. Tinali ku Annandale, kwa mwana wanga Mphatso, pa phwando la kubadwa kwa mdzukulu. Abambo a kutchalitchi kwathu analipo pafupifupi khumi. Ine ndinatulutsa khadi kuti aone. Mwamuna wa Mphatso, a Tembo, ndi munthu wa ku Chipata, wophunzira kwambiri, amagwira za makompyuta ku Fairfax. Analitenga, kuliyang'ana, kudinadina foni yawo, kenako n'kunena pamaso pa anthu onse aja kuti, "Atate, aya amasindikiza ambiri manje. Ni feki chabe. Anzanu aja anakunamizani." Abambo aja anaseka. Wina mpaka anatsamwa ndi sobo.

Kundiseka ine ndikanapirira. Koma kunena kuti a Curtis, munthu ali pa bedi la imfa, anandinamiza? Ayi. Nditamva kuti ku Fairfax kudzakhala msika wa makhadi kumene kumabwera akatswiri oyeza, ndinati ndipita ndekha ndikamve ndi makutu angawa.

Basi ya pafupi ndi kwathu inanditula pasiteshoni ya Landover hafu pasiti seveni. Ife okalamba tili ndi chiphaso chathu cholipirira theka, ndipo Loweruka mtengo umatsikanso, choncho ulendo wonse wa sitima unandidya dola imodzi ndi timakobiri. Njanji za kuno amazitchula ndi mitundu, yanga ndi ya olenji. Ubwino wake sumasintha sitima, umangokhala phee kuchokera ku Maryland, kudutsa pansi pa Washington, mpaka ku Vienna ya ku Virginia kumene njanji imathera.

Ndinakhala pawindo. Pa Cheverly panakwera amayi awiri ovala yunifomu ya m'sitolo, akusinza chiimire. Pa Deanwood panakwera mkulu wina ndi njinga yake, njinga kulowa m'sitima ngati munthu, popanda woifunsa tikiti. Titawoloka mtsinje wa Anacostia ndinaona malo a bwalo lakale la masewera limene akuligumula. Pamenepo ndi pamene a Curtis ankapita kukaonera besibo ali mnyamata, timu ya mumzinda isanasamuke n'kuwasiya manja ali m'khosi. Nkhani imeneyo ankaisimba ngati ya mkazi wothawa. Ndinavula chipewa mpaka sitima inalowa pansi pa nthaka.

Pansi pamenepo ndi pamene mbatata inayamba kundizunza. M'sitima za kuno saloleza kudya, ngakhale kumwa tiyi. Mbatata ya a Nabanda inali yotentha, fungo likutuluka m'chikwama, ine m'mimba muli kulira, koma ndinangoikumbatira ngati khanda. Dziko lolemera chonchi, munthu kufa ndi njala chakudya chili pamiyendo!

Pa Eastern Market foni inalira. Anali a Nabanda, kufunsa ngati ndatenga mankhwala a BP. Ndinawayankha bwinobwino, mwa mawu anga a masiku onse. Nditangodula, mayi wina wovala zaunesi anachoka kumapeto kwa sitima n'kudzakhala mpando woyang'anana nane.

"Mwauka bwanji, atate? Namvela Chinyanja kuchokela kumbuyo uko, nati uyu ni wakwatu."

"Ndadzuka, mayi, kaya inu? Kwanu n'kuti?"

"Ku Lusaka, ku Matero. Nachoka ku nchito manje so. Nanga imwe na suti yonse iyi, muyenda ku ukwati olo ku khoti?"

"Ku khoti, mayi. Woimbidwa mlandu ali m'thumbamu."

Ndinatulutsa khadi n'kuwasimbira zonse, kuyambira a Curtis mpaka a Tembo. Anamvetsera mutu uli pendekete.

"Mukamwini kukamba so pa bantu? Iyee! Kwatu angamulipilitse. Koma mwaisunga bwino, atate. Mwaika na mu lamineti! Ndiye kusamala uko."

"Mwaonatu! Inu ndinu munthu wa nzeru. Muli pabanja?"

"Nili na bana batatu, atate, musanifunile mwamuna."

Tinaseka mpaka mzungu amene anali pafupi anasamuka mpando. Mayiwo anatsika pa Ballston, akundiuza kuti ndikapambane mlandu. Dzina sitinafunsane.

Kuchoka pamenepo sitima inatuluka kunja n'kuyamba kuthamanga pakati pa msewu waukulu, magalimoto uku, magalimoto uku, ife pakati. Kotala tu naini ndinali pa Vienna. Choyamba ndinapeza benchi panja pa siteshoni n'kuweruza mbatata ija, zitatu zonse, ndi makapu awiri a tiyi. Kenako ndinakwera basi ya mzinda wa Fairfax. Nditatulutsa chiphaso changa, dalaivala anangokupiza dzanja, akuti basi imeneyi ndi yaulere. Chaulere ku Amereka ine ndimachikayikira, choncho ndinakhala pafupi ndi chitseko.

Msika unali m'holo ya hotela ina m'mbali mwa msewu. Pakhomo madola asanu, n'kukudinda chidindo padzanja ngati ukuvota. Nditalowa ndinaima kaye. Abale, matebulo mizeremizere mpaka kukhoma, pa tebulo lililonse bokosi la galasi lokhoma ndi loko, m'katimo makhadi ali ndandanda. Anthu ake ambiri a imvi ngati ine, ena akukoka timasutikesi, onse akulankhula monong'ona ngati ali m'banki. Ndipo chimene chinandikondweretsa: makhadi onse odula anali m'pulasitiki! Pulasitiki yolimba, pamwamba kapepala kolembedwa nambala, kuyambira wani mpaka teni, yosonyeza mmene khadi lasungikira. Ndinati mumtima, Layisoni, sukulu ulibe, koma zimene amachita akatswiri iwe unazidziwa wekha.

Sindinathamangire mlandu. Munthu ukafika pamsika umayamba wauzungulira. Pa tebulo lina ndinapeza makhadi achikumbutso a chaka chimene timu yatsopano ya mu Washington inatenga chikho, ndipo limodzi mwa iwo linali limene linkasowa m'kabati mwanga. Wogulitsa anati madola sikisi. Ndinati atatu. Anati asanu. Ndinalibweza pa tebulo n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, monga timachitira pogula mbuzi. Ndisanafike tebulo lachitatu anandiitana. Anayi. Nzeru za pa Nathenje zimagwira ntchito paliponse.

Teni koloko ndinasankha tebulo lalikulu pa onse, la bambo wina wa chimimba, wovala kapu. Ndinatulutsa khadi la a Curtis n'kuliika pa galasi lake ndi manja awiri. Bamboyo analiyang'ana, maso ake anawala, kenako nkhope inakwinyika ngati waluma ndimu.

"Anachita izi ndani?"

"Ine!" ndinatero, ndikudziguguda pachifuwa.

Anapukusa mutu. "Ndikupatsani madola twente."

"Twente? Kodi ndakuuzani kuti ndikugulitsa? Ndabwera kudzafunsa ngati ndi lenileni!"

Paja ndinauzidwa kuti nditsitse mawu, koma anakwera okha. Matebulo atatu anatembenuka. Bamboyo anakweza manja m'mwamba n'kundilozera pakona.

"Pitani kwa mayi Ruth uko. Chimene anganene iwo, palibe wotsutsa muno."

Mayi Ruth anali mzungu wokalamba, wochepa thupi, magalasi atapachika pa chingwe m'khosi. Pa tebulo pawo panalibe chogulitsa. Panali nyale yaing'ono, kagalasi kokulitsa zinthu, kansalu kakuda, ndi chikwangwani chakuti kuyeza khadi limodzi madola teni. Patsogolo panga panali anthu anayi. Woyamba anachoka akumwetulira. Wachiwiri anauzidwa mawu awiri okha, anatola khadi lake n'kutuluka m'holo osayang'ana munthu. Ndinaganiza: nanga akati a Tembo ananena zoona? Ndikabwerera bwanji? Ndipo a Curtis ndizidzawakumbukira monga ndani?

Nthawi yanga itakwana ndinakhala pansi, chipewa pa bondo. Mayiwo analandira khadi, analiika pa kansalu, anapuma mpweya wautali. Anayatsa nyale. Anaika kagalasi padiso n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda khadi. Anayang'ana nkhope, anayang'ana zilembo, analitembenuza, analiimika cham'mbali n'kuyang'ana m'mphepete.

"Munalipeza kuti?"

Ndinawauza za a Curtis ndi paketi ya chingamu, m'Chingelezi changa cha m'nyumba ya katundu, chimene chimafika kumene ndachituma.

"Bwerani muone," anatero, n'kundipatsa kagalasi.

Ndinaika diso. Nkhope ija inasanduka timadontho tambirimbiri, tofiira, tachikasu, tabuluu, tosanjikana ngati njere za mawere.

"Tsopano onani zilembo zakudazo. Muli madontho?"

"Mulibe. Zangoti bii."

"Makina akale ankasindikiza chonchi. Abodza amajambula khadi lonse ndi makina atsopano, ndiye zilembo zawo nazonso zimakhala madontho. Pepala lakenso ili ndi lakale, lotuwa m'kati. Ndipo onani apa."

Analoza kumbuyo kwa khadi, pamene pali banga lotumbuluka, lalitali ngati chala. Banga limenelo linkandichititsa manyazi zaka zonsezi. Posonyeza anthu ndinkaliphimba ndi chala chachikulu.

"Apa ndi pamene panagona chingamu. Khadi ili ndi limene linakhudzana nacho m'paketi. Mnzanu uja sananame, bambo. Ndi lenileni."

Ndinaimirira. Mpando unagwa chagada. "Lenileni!" ndinakuwa m'Chichewa, kenako m'Chingelezi, kuti aliyense amve m'chinenero chake. Holo yonse ya onong'ona ija inatembenuka. Wina kutali anawomba m'manja. Ndinagwira dzanja la mayi Ruth ndi manja anga onse awiri mpaka magalasi awo anagwedezeka.

"Khalani pansi kaye," anatero. "Pali china."

Ndinadzutsa mpando n'kukhala.

Anatenga khadi lina la m'pulasitiki yolimba ija n'kuligwedeza pafupi ndi khutu langa. M'kati munamveka kuti khekhekhe, pang'ono chabe.

"Mwamva? Ili lili m'nyumba. Pulasitiki sinaligwire, mukathyola nyumbayi limatuluka mmene linalowera. Lanuli munaliwotchera pulasitiki pathupi. Yalowerera m'pepala. Mukati muimatule, ichoka ndi nkhope yomwe. Oika manambala aja salandira khadi lotere, ndipo osonkhanitsa saligula."

Ndinafunsa funso limene sindinabwere nalo. "Likanakhala losamata?"

"Mukanagula nalo galimoto yabwino, yogwirapo kale ntchito."

"Nanga pano?"

"Mwina tayala lake limodzi."

Ndinayang'ana khadi lija likuwala pa kansalu, kuwala kumene ndinkanyadira.

"Mwachita angati chonchi?" anafunsa.

"Abwino onse. Makumi anayi ndi awiri."

Mayi Ruth anavula magalasi n'kugwira kumaso. Ankaoneka ngati amva uthenga wa maliro.

Sindinafune kuti aziganiza kuti ndine chitsiru, choncho ndinawafotokozera. Ndinati, mayi, kwathu pepala lili ndi adani. Chiswe chimalowa m'sutikesi yokhoma. Denga limadontha. Mphemvu zimadya inki. Bambo anga anali ndi kalata ya munda wawo, anaisunga m'chitini pansi pa bedi, tsiku la mlandu anatsegula n'kupezamo dothi lokhalokha, munda unapita. Choncho ife pepala limene timalilemekeza timalimata. Losamata ndi la fodya. Ine khadi ili ndinalichitira ulemu waukulu umene ndimaudziwa.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Kenako anati, "Ndayeza makhadi zaka zambiri. Owonongeka chifukwa chosasamala ndawaona osawerengeka. Lowonongeka ndi ulemu ndi lanuli."

Ndinawapempha kuti alembe pa pepala zimene apeza, asaine, chifukwa kuli munthu wa madigiri amene sakhulupirira pakamwa pa nkhalamba. Anatenga cholembera n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndilembe zonse ziwiri, kapena choyamba chokha?"

Apa ndiye panali mayeso. Choyamba chokha chikanandikwanira. Ndikanalowa nacho ku Annandale ngati mfumu, a Tembo n'kugwa, abambo a kutchalitchi n'kutseka pakamwa, za lamineti osadziwa munthu mpaka ine kulowa m'manda. Ndinaliganizira ndithu, sindikubisirani. Koma ndinawoloka mzinda wonse chifukwa mawu akuti bodza anaikidwa pa dzina la mnzanga. Ndiye ine ndichotse bodza pa iye n'kulisenza ndekha?

"Lembani zonse," ndinatero. "Zilembo zikuluzikulu."

Ndinatuluka m'holo itangopitirira thwelofu. Ndinayenda wapansi mpaka pa msewu wa Little River n'kudikira basi ya ku Annandale mphindi makumi awiri, dzuwa likuswa mtengo. Iyi sinali yaulere, inadya dola ina ndi timakobiri. Msewu umenewo uli ngati dziko lonse laikidwa pa mzere umodzi. Zikwangwani za Chikoreya zokhala ngati timipando ndi timawindo, kenako za Chisipanishi, kenako za anthu a ku Ethiopia. Ine amene zilembo za kwathu zomwe ndimalimbana nazo, pamenepo ndinapeza mtendere, chifukwa m'basi monse munalibe wotha kuwerenga zonse. Pepala la mayi Ruth linali m'thumba limodzi ndi khadi. Mtima wanga unali pawiri, mbali ina ikuvina, mbali ina ikuwerenga matayala.

Ndinatsika pafupi ndi sitolo yaikulu ya Akoreya n'kuyenda mphindi khumi. Ndinapeza a Tembo akutchetcha kapinga atavala kabudula. Atandiona ndi suti, anazimitsa makina n'kuthamangira m'nyumba kukavala thalauza. Mphatso anatsegula chitseko.

"Ababa! Mwabwera bwanji? Osaimba foni?"

"Ndabwera ndi miyendo. Aitane amuna ako."

Tinakhala pabalaza. Ndinalandira madzi, ndinafunsa za adzukulu, ndinayankha za amayi awo, zonse mwa dongosolo lake. Kenako ndinatulutsa pepala n'kuliika pa tebulo.

"Apongozi, mawu aja munawalankhula pa anthu. Tsegulani foni yanu, pa gulu lija la abambo a kutchalitchi. Muwerenge pepalali mokweza, mujambule mawu, onse amve."

A Tembo anayang'ana mkazi wawo. Mphatso anayang'ana kudenga. Anatenga pepala, anadina foni, n'kuyamba kuwerenga, akumasulira m'Chinyanja chawo. Anawerenga za madontho, za pepala lotuwa, za banga la chingamu. Pofika pa mawu akuti lenileni, mawu awo anali atachepa ngati a mwana wa sukulu. Kenako maso awo anatsikira m'munsi mwa pepala, ndipo anaima. Anachotsa chala pa foni. Anawerenga chamumtima, n'kundiyang'ana.

"Atate," anatero motsitsa, "apa pakwana. Ivi vapansi ni va m'nyumba. Nizatumiza chabe ivi nabelenga."

Ndikuuzani, pa zaka zonse zimene munthu ameneyu wakhala ndi mwana wanga, tsiku limenelo ndi limene ndinamuona bwino. Anali ndi mpeni m'manja, wondibaya nawo pamaso pa gulu lonse, ndipo anafuna kuubisa. Koma ine ndinali nditagamula kale ku Fairfax.

"Pitirizani, apongozi. Ndinalipira madola teni pa pepala lonse."

Anadinanso foni n'kuwerenga mpaka pa siginecha. Galimoto, tayala, makumi anayi ndi awiri, zonse. Mphatso anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Ndinalanda foni ija n'kuwonjezera mawu anga: "Mwamva nonse. A Curtis sananame. Wolakwa ndine, ndipo ndinalakwa ndi manja angawa, chifukwa chosamala. Amene sanamatitsepo pepala mwa inu ayambe kuseka." Ndinatumiza.

M'nyumbamo palibe anaseka. Angaseke bwanji? Pakhoma pa balaza lomwelo panali digiri ya a Tembo, yochokera ku Lusaka, ikuwala ndi lamineti kuchokera uku mpaka uku.

A Tembo anatsika pa sofa n'kunjuta pansi, munthu wa makompyuta, n'kuwomba m'manja katatu.

"Atate, ninalakwa. Ninakamba vosaziba, pa bantu, na pa munthu amene anagona kale. Munikhululukile."

"Ndamva," ndinatero. "Koma kwanu ku Chipata kupepesa kwa mkamwini kumakhala kwa manja okha?"

Mphatso anaphulika ndi kuseka. "Ababa, kuno nkhuku yamoyo aipeza kuti?"

"Zimenezo si zanga."

A Tembo anatola makiyi. Patapita theka la ola anabwera ndi nkhuku yathunthu yootcha, ya kwa anthu a ku Peru amene ali ndi malo odyera pa msewu womwewo, yotentha, yonunkhira utsi wa makala. Anaiika m'mbale yaikulu n'kubwera nayo okha, atawerama, mpaka pamene ndinakhala. Ndinasamba m'manja. Ndinaitembenuza. Ndinasuzumira m'kati. Ndinapisamo chala.

"Nthutumba ili kuti?"

"Atate, kuno samaikamo."

"Ndiye mwandipatsa chiyani? Nkhuku yoperekedwa kwa mkulu imabwera ndi nthutumba yake. Iyi wina wadyako kale."

"Ababa, inunso!" anatero Mphatso.

Koma a Tembo anali atatola kale makiyi kachiwiri, akuseka, akuti kwa Akoreya amagulitsa nthutumba zokhazokha m'paketi, ndipo akazikazinga okha.

Atatuluka ndinatsala ndekha pabalaza, Mphatso ali kukhitchini akusimbira amayi ake pafoni. Galimoto ija inandipweteka, ndisaname, ndipo imandipwetekabe ndikaima pa siteji ya basi m'nyengo yozizira. Ndinaphunzira kuti kasungidwe kamene kamapulumutsa chinthu kwathu kakhoza kuchipha kwa eni ake, ndipo munthu usanachitire ulemu chinthu cha dziko lina, uyambe wafunsa kuti ulemu wake ndi wotani. Inu a kumudzi, za ubatizo matani, za sukulu matani, koma wachibale akakutumizirani khadi lakale la besibo, chonde, lisiyeni lipume. Komabe chimene ndinapita kukafunsa ndinayankhidwa, ndipo yankho lake linamveka m'mafoni khumi. Ndinamasula tayi, ndinatambasula miyendo pa mpando wa mwini nyumba, n'kudikira nthutumba yanga.